Phunziro 17: Pepala la pulasitiki lipita kuti?

Tiwerenge pamodzi mokweza:

Feteleza wabwera m'thumba.
M'kati mwa thumba muli pepala la pulasitiki.
Feteleza watha. Pepala latsala.
Pepalalo lipita kuti?

Abambo ndi amayi, tawerenga mizere inayi. Tsopano tikambirane funso limene lili pa mzere wotsiriza. Ife amene tikuyendetsa sukulu ino ndife ana anu, ndipo za ulimi munatiphunzitsa ndinu. Koma chinthu ichi chabwera chatsopano m'minda yathu, ndipo makolo sanatisiyire malangizo ake. Tiyenera kuchiphunzira tonse pamodzi, monga m'mene tikuphunzirira zilembo.

Tiyambe ndi nkhani ya ng'ombe. Ambiri a inu mukuidziwa.

Titatha kukolola, ng'ombe zinamasulidwa kuti zikadye mapesi m'minda monga mwa nthawi zonse. Membala wathu wina anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Imodzi inayamba kuwonda. Inkadya pang'ono, inaleka kubzikula, ndipo ndowe zake zinachepa. Mimba yokha ndiyo inali yaikulu. Anaimwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, koma sizinathandize. Pofika mwezi wa Okutobala sinkathanso kudzuka, ndipo mwini wake anaipha kuti apulumutseko nyama. Atatumbula chifu, tonse tinagwira pakamwa. Munali chimpukutu cha mapepala a pulasitiki, majumbo ndi zingwe za matumba, zitapotana ngati mpira wa chikulunga umene ana amasewera pabwalo. Chinadzaza ndowa. Ng'ombeyo inafa ndi njala m'mimba muli modzaza.

Ng'ombe imodzi sikoka goli. Chaka chimenecho mwini wake analipira ngolo ya eni kuti kachewere wake afike kumsewu.

Nanga ng'ombe idyeranji pepala? Si kupusa ayi. Ng'ombe sisankha chakudya ndi milomo. Imakulunga udzu ndi lilime nimeza, kutafuna kumabwera pambuyo. Tsono pepala la feteleza ndi la mchere limakhala ndi kakomedwe kamchere, ndipo ng'ombe imafuna mchere, makamaka m'chilimwe. Pepala likalowa m'chifu siligayika ndipo kawirikawiri silituluka. Limangokhala, lina nkubwera, linanso nkubwera. Dziwaninso kuti feteleza wa yureya wotsalira m'makona a pepala ndi poizoni kwa ng'ombe ndi mbuzi ngati zadya wambiri.

Chinthu chimenechi ndi chiyani?

Akuluakulu akukumbukira nthawi imene katundu ankabwera m'matumba a chiguduli, m'mitanga ndi m'zikwatu za masamba. Chiguduli chikang'ambika tinkachitaya kudzala, chiswe ndi mvula zinkamaliza ntchito. Pepala la pulasitiki chiswe sichilidya. Limapangidwa kuchokera ku mafuta ndi mpweya umene amakumba pansi pa nthaka, gwero lomwelo la petulo ndi parafini. Dzina lake la m'mabuku ndi polyethylene, pa Chipwitikizi amati polietileno. Analitulukira ku England mu 1933 pa kampani ya ICI. Zaka zake sizinafike ndi 100 zomwe, koma lafika mudzi uliwonse wa ku Tsangano ndi ku Macanga.

Taonani m'mene limatifikira. Lili m'kati mwa thumba la feteleza la makilogalamu 50. Limakuta mabelo a shuga, a mchere ndi a sopo amene amatsika m'masitolo a ku Furancungo, ku Ntengo-wa-Mbalame ndi ku Ulongue. Pali lina loonekera, lomatirira, limene amazengereza nalo katundu woyalidwa pa matabwa m'nyumba zazikulu zosungira katundu. Pali lakuda limene timayala padenga tisanafolere udzu. Pali machubu a mbande za mitengo. Ndiye pali majumbo a pamsika.

Bungwe la FAO, limene limaona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linalemba mu 2021 kuti m'chaka cha 2019 chokha ulimi unagwiritsa ntchito matani 12.5 miliyoni a mapulasitiki. Bungwe lina, la OECD, linawerengera mu 2022 kuti pa makilogalamu 100 alionse a mapulasitiki otayidwa pa dziko lapansi, makilogalamu 9 okha ndiwo amabwerera kukapangidwanso chinthu china. Lembani nambala ziwirizo m'makope mwanu: 100 ndi 9. Chotsani. Otsalawo amakwiriridwa, amatenthedwa kapena amangomwazika.

Sitikunena kuti pepalali ndi loipa lokhalokha. Popanda ilo feteleza bwenzi akufika atanyowa nkuuma gwa ngati mwala. Matumba a PICS, amene anatulukiridwa ku sukulu ya Purdue ku America, ali ndi mapepala awiri okhuthala m'kati ndi thumba loluka kunja. Mukamanga bwino, mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafa popanda mankhwala. Pepala ndi wantchito wabwino. Vuto limayamba tsiku limene ntchito yake yatha.

M'munda, m'fodya ndi pamoto

Pepala lotayidwa m'munda siliola. Dzuwa limaliotcha, limauma, nkuyamba kunyenyeka tizidutswa. Anthu amati latha. Silinathe ayi, langochepa. Tizidutswato timalowa m'mizere tikamalima. Chidutswa chachikulu chikakwiririka chimatchinga madzi ndi mizu. Inu a m'madimba mwaonapo kachewere wopindika chifukwa anakumana ndi pepala pansi. Zina mvula imazikokolola, zimatseka ngalande zothirira, ndipo zimene zapitirira zimatsikira ku Zambezi, zina kudzera mu Revubue, mpaka kunyanja yamchere. Pepala lopindika limasunganso timadzi ta mvula, ndipo m'timadzi totero udzudzu umaswana.

Kwa inu a ku Macanga pali nkhani ina yokhudza thumba la ndalama. Fodya safuna pulasitiki ngakhale pang'ono. Kaulusi kamodzi ka thumba loluka kakalowa m'belo, kamapita nawo mpaka ku fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco mumzinda wa Tete, ndipo kukapatula pakati pa masamba ndi ntchito yovuta zedi. Nchifukwa chake ogula fodya, kuno ngakhale ku Malawi, amafuna kuti mabelo akutidwe ndi chiguduli ndi kusokedwa ndi chingwe chosakhala cha pulasitiki. Belo lopezeka ndi zinyalala zotere likhoza kubwezedwa. Thukuta la miyezi yambiri, kuyambira ku nazale mpaka ku chigafa, nkuonongeka ndi kachingwe.

Ena amati, "Ife timatentha, ndiye palibe vuto." Tiulule, ifenso takolezapo moto ndi jumbo m'mawa wa chisanu, nkhuni zitanyowa. Moto umayaka msanga, nzoona. Koma amene amauzira motowo ndi mayi, mwana ali kumbuyo, ndipo utsi umenewo amaupuma onse awiri. Utsi wa pulasitiki umayabwa m'maso, umatsokomoletsa, ndipo uli ndi poizoni amene saoneka. Woipitsitsa ndi wa mtundu wotchedwa PVC, umene amapangira mapaipi ena ndi zokutira mawaya a magetsi. Moto wa pamtetete sutentha mokwanira kuti uphe poizoniyo. Amatsalira m'phulusa ndi m'nthaka, nkhuku nkumatola pomwepo. Chimodzimodzi kuvundikira mphika wa mbatata kapena wa mpunga ndi jumbo. Tivundikire ndi masamba monga kale.

Choyamba, ligwirenso ntchito

Pepala labwino tisathamangire kulitcha chinyalala. Potsegula thumba la feteleza, masulani ulusi wa pamwamba bwinobwino m'malo moboola ndi chikwanje. Thumba ndi pepala lake zikatuluka zamphumphu zili ndi ntchito zambiri. Anzathu a ku Ntcheu ndi ku Dedza, tsidya la malire, amapangira m'menemo manyowa amene amawatcha Mbeya. Amasakaniza ndowe, gaga, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, nkumanga m'thumba lokhala ndi pepala m'kati kwa masiku 21. Popanda pepala lija manyowawo sapsa bwino. Muyeso wake afunseni alangizi. Mapaketi a shuga mukawaboola kunsi amasanduka machubu a mbande. Matumba oluka mukawasoka pamodzi mumapeza choyanikirapo nyemba ndi soya.

Koma pali ntchito ziwiri zimene tikukana. Pepala la feteleza musasungiremo ufa kapena ndiwo zouma. Ndipo mbewu ya kachewere musaitsekere m'pepala lililonse. Kachewere amapuma. Mukamutsekera amachita thukuta nkuola. Amafuna malo ozizira, opita mphepo.

Pookera mitengo, vulani chubu musanaike mbande m'dzenje, ndipo machubuwo muwatolere m'thumba. Taonapo mitengo ya zaka ziwiri yopinimbira, titafukula tinapeza mizu itazungulira m'chubu.

Ulendo wa ku fakitale

Pepala likatheratu ntchito, likhoza kusungunulidwa nkupangidwanso. Tifotokoze m'mene zimachitikira, chifukwa mukamvetsa ntchito ya makina mudzamvetsanso chifukwa chake ogula amavuta.

Mabelo a mapepala akafika, antchito amawamasula nkusankha ndi manja. Kenaka mapepala amalowa m'makina onga chigayo, okhala ndi mipeni m'malo mwa nyundo, ndipo amatuluka ali tizidutswa. Tizidutswato amatithira m'thanki lalikulu la madzi. Mchenga, miyala ndi mapulasitiki olemera zimamira, koma pepala lathu limayandama chifukwa ndi lopepuka kuposa madzi. Amalitsuka, nkuliumitsa. Likauma limalowa m'chipaipi chotentha chimene m'kati mwake muli chitsulo chopota chozungulira, chokankha tizidutswa kutsogolo. Pepala lofewa limasungunuka pa madigiri 110 kapena kuposerapo pang'ono, pamene madzi amawira pa 100. Limasanduka ngati phala lolimba, limadutsa pa sefa wachitsulo, nkutuluka m'timabowo ngati zingwe zazitali. Zingwezo amaziziziritsa m'madzi nkuzidula timibulu tonga mphodza.

Timibulu timeneti ndiye malonda. Fakitale ina imatigula, imatisungunulanso, nkuuziramo mpweya mpaka patatuluka chibaluni chachitali kuposa denga la nyumba. Chibalunicho akachiphwetsa nkuchikulunga, ndilo pepala latsopano. Pepala lakuda lofolera nyumba, machubu, matumba a zinyalala ndi mapaipi akuda othirira m'dimba kawirikawiri amapangidwa ndi timibulu totere. Mwina pepala limene lili padenga panu linali lokutira shuga kale.

Tsopano mvetsani. Thumba loluka la kunja ndi mtundu wina. Ilo limasungunuka pa madigiri oposa 160. Likasakanikirana ndi pepala lofewa, lina lasungunuka kale pamene lina likadali lolimba. Sefa amatsekeka, ndipo chibaluni chija chimabooka. Zili ngati kugaya chimanga chosakanikirana ndi miyala: mwini chigayo sakulandiraninso. Dothi nalonso limabunthitsa mipeni. Ndipo nchifukwa ninji zinthu zopangidwanso zimakhala zakuda? Chifukwa mitundu ikasakanikirana, utoto wakuda wokha ndiwo ungaibise. Pepala loonekera, lopanda zolemba, lingathe kupakidwa mtundu uliwonse, kotero mtengo wake umaposa wa lakuda ndi wa lolembedwalembedwa.

Apa kuwerenga kwathu kukutithandiza. Pa mapulasitiki ambiri pali kachizindikiro ka mivi itatu yothamangitsana, pakati pake pali nambala. Nambala 4, kapena zilembo LDPE, pa Chipwitikizi PEBD, ndilo pepala lofewa lotamuka. Nambala 2, HDPE kapena PEAD, ndilo lolimbirapo, lolira tswatswa mukalifinya, monga la m'matumba a PICS. Nambala 5, PP, ndi thumba loluka. Nambala 1 ndi mabotolo a zakumwa. Nambala 3 ndi PVC uja. Chaka chatha ambiri a ife tikanangoona ngati zokongoletsa. Lero tikuwerenga.

Ngati palibe nambala, kokani pepalalo ndi zala. La nambala 4 limatamuka lisanaduke. Mukhozanso kudula kachidutswa, kukakankhira pansi m'kapu ya madzi nkukasiya. Kakabwerera pamwamba ndi ka m'banja la 2, 4 kapena 5. Kakakhala pansi, kaikeni padera. Mapaketi onyezimira m'kati ngati siliva, monga a mabisiketi ndi a mbewu zina za m'dimba, ali ndi zinthu zingapo zomatidwa pamodzi, ndipo ogula mapepala sawafuna.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Chilichonse chimene munali mankhwala ophera tizilombo, kapena mbewu yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, chisalowe m'mulu wathu. Botolo la mankhwala litsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire mu sipuleya momwemo, osati mumtsinje. Kenaka liboole kuti wina asadzatungire madzi kapena kusungiramo mafuta ophikira. Lisungeni pamalo pamene ana safika, ndipo funsani alangizi kapena amene anakugulitsani kumene muyenera kulibweza.

Tiwerengere tisanasangalale

Ena mwayamba kale kumwetulira, mukuti tapeza ndalama. Dikirani, titenge choko.

Tiyerekeze kuti koperativa ili ndi mamembala 40, ndipo aliyense wagwiritsa ntchito matumba 6 a feteleza. 40 kuchulukitsa ndi 6 ndi 240. Tiyerekezenso kuti pepala limodzi la m'kati likulemera magalamu 100. Ichi nchongoyerekeza, kulemera kwenikweni tidzakupeza pa sikelo yathu. Ndiye kuti mapepala 10 akupanga kilogalamu imodzi, ndipo mapepala 240 akupanga makilogalamu 24. Chaka chathunthu, anthu 40, makilogalamu 24 basi! Sakufika ngakhale theka la thumba la chimanga. Kuti tikwanitse tani imodzi, imene ndi makilogalamu 1,000, pafunika mapepala 10,000.

Mwaona vuto lake. Pepala limadzaza malo koma sililemera, pamene ogula amalipira pa kilogalamu. Ndipo mafakitale osungunula ali kutali. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, ku Maputo ndi oposa 1,500, osawerengera msewu wathu wochokera kumapiri kuno. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli mafakitale a mapulasitiki ndipo ndi kufupi, koma katundu wamalonda wodutsa pa Zobue, pa Biri-Biri kapena pa Calomue amafuna mapepala a kasitomu. Amene angachite hayala lole kuti inyamule mapepala okha, adzabwerako ndi ngongole. Tikunena poyera kuti wina asadzati aphunzitsi anatinamiza.

Nanga tingoleka? Ife tikuti ayi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, phindu lalikulu la ntchitoyi silichokera kwa wogula. Mtengo wa ng'ombe imodzi yokoka ngolo, kapena wa belo limodzi la fodya lobwezedwa, umaposa kutali ndalama zonse zimene tingapeze pogulitsa mapepala a chaka chimodzi. Ngakhale wogula asabwere, mapepala ali m'nyumba sali m'chifu cha ng'ombe. Chachiwiri, nambala zija zimasintha tikaphatikiza. Sitolo imodzi yaikulu yogulitsa mopikulitsa imatulutsa mapepala ambiri pa mwezi, ndipo ndi oyera chifukwa sanagwe m'dothi. Eni ake ambiri amangowatentha kuseri. Makoperativa a dera limodzi akagwirizana ndi eni masitolo ndi osunga nyumba za katundu, mulu umakula. Ndipo taganizani za malole amene amatibweretsera feteleza ndi katundu wa m'sitolo. Ena amabwerera ndi kachewere kapena chimanga, koma ena amatsika opanda kanthu. Pamenepo ndi pamene pali mpata wokambirana.

Pokambiranapo tisapite ngati opempha. Mu 2017 boma linakhazikitsa lamulo, Decreto 79/2017, lonena kuti amene amapanga kapena kuitanitsa zokutira katundu ali ndi udindo pa zokutirazo ngakhale zitasanduka zinyalala. Kotero si mwano kufunsa amene amatigulitsa zipangizo kuti, "Nanga mapepala anuwa tiwabweze kuti?" Lisanabwere limeneli panali lina, Decreto 16/2015, limene linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 30, ndiponso linaletsa kupereka majumbo kwaulere m'masitolo. Maikuloni ndi kamuyeso kakang'ono zedi: 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi. Mapepala 33 a muyeso umenewo mutawasanja pamodzi angofika milimita imodzi. Ku Malawi lamulo la 2015 linaika malire pa 60, ndipo eni mafakitale atalitsutsa, khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julaye 2019 kuti lamulolo ndi loyenera. Pa misika ya m'malire, monga pa mphambano ya Tsangano, majumbo a mbali zonse ziwiri amakumana, ndipo mphepo sifunsa chiphaso.

Ntchito yotereyi anthu ena anaiyamba kale mogwirizana. Ku Maputo, pafupi ndi dzala lalikulu la Hulene, mu 2006 panayambitsidwa gulu lotchedwa Recicla, la anthu amene ankatola zinyalala. Ankagula mapulasitiki kwa anzawo otola, kuwasankha, kuwatsuka, kuwadula, nkumagulitsa ku mafakitale.  Mu 2009 kunabadwanso bungwe la AMOR, limene linatsegula malo ogulirako zinyalala zosankhidwa m'mizinda ingapo. Dzala la Hulene lomwelo linagumuka ndi mvula mu Febuluwale 2018, nkukwirira nyumba ndi kupha anthu oposa 15. Nalo linayamba ngati kadzala kakang'ono kunja kwa mzinda.

Tichite bwanji kuno kwathu?

Ntchito iyambire kumunda. Tsiku lothira feteleza, pepala lisagone kumunda. Likutumuleni bwino pa mzere kuti feteleza yense atsike, lipindeni, libwere nanu kunyumba. Pepala limene lakhala padzuwa miyezi ingapo limafumbutuka, ndipo ku fakitale ndi lachabechabe. Ngati lili ndi matope, liyanikeni pang'ono, matope akauma muwakunthe ndi kamtengo. Kukuntha kumaposa kuchapa. Madzi ndi osowa m'chilimwe, ndipo sitifuna kuti zotsalira za feteleza zilowe pa chitsime kapena mumtsinje. Musaike pepala lonyowa m'mulu. Limanunkha, limachita nkhungu, ndipo wogula amadziwa kuti mukumugulitsa madzi.

Kunyumba ya koperativa tipatule ngodya imodzi yamthunzi, yotchingidwa kuti mbuzi zisalowe, kutali ndi moto ndiponso kutali ndi fodya. Pakhale milu inayi, uliwonse ndi chikwangwani chake chimene tilembe tokha m'kalasi muno: LOONEKERA, LAKUDA NDI LAMITUNDU, MATUMBA OLUKA, ZOKAYIKITSA. Mapepala enieni omatidwapo, selotepi, mawaya ndi zingwe tizichotsa tisanaponye pa mulu.

Mulu ukakula tiudinde. Kudinda mabelo ife sitiphunzitsidwa ndi munthu, ndi ntchito yathu ya chaka ndi chaka. Koma pano tagawanika maganizo, ndipo tikusiyirani inu kuti mugamule. Ena akuti tigwiritse ntchito jeke ya fodya nyengo ya fodya ikatha. Ife tikuopa. Kachidutswa kamodzi kotsalira m'mphako ya thabwa kakhoza kudzalowa m'belo la fodya chaka chamawa. Tikuona kuti nkwabwino kukhoma bokosi lina la matabwa la mapepala okha. Pansi pake tiyale zingwe, tiponyemo mapepala, anyamata apondeponde, tiike thabwa ndi miyala pamwamba, nkumanga. Belo lililonse likhale la mtundu umodzi. Ndipo pasapezeke wochenjera woika mwala pakati pa belo kuti lilemere. Wogula akaupeza kamodzi, dzina la koperativa yonse lada.

Mlembi akhale ndi buku. Alembe tsiku, dzina la wobweretsa, mtundu wa pepala ndi makilogalamu. Wobweretsa awerenge yekha nambala ya pa sikelo ndipo asaine yekha dzina lake, osadinda chala. Tikapeza wogula, tisanakweze belo ngakhale limodzi, timufunse mafunso awa ndipo mayankho alembedwe: akugula mitundu iti, mametikali angati pa kilogalamu, ayamba kubwera tikafika makilogalamu angati, alipira galimoto ndani, ndipo achotsa zingati chifukwa cha dothi. Funso lotsirizali musaliiwale. Ngati belo likulemera makilogalamu 50 ndipo iye akuchotsa 20 pa 100 alionse, ndiye kuti akulipira makilogalamu 40 okha. Msungichuma achulukitse makilogalamu ndi mtengo, achotse ndalama ya ulendo, ationetse chotsala pa bolodi. Chikakhala chochepa kuposa ziro, mabelo akhale, tidikire anzathu a makoperativa ena.

Mulu wa zokayikitsa ndi mapaketi onyezimira ulibe wogula. Umenewo tiukwirire m'dzenje limodzi lakuya, pamalo okwera, kutali ndi chitsime ndi dimba, ndipo tizithira dothi pamwamba nthawi iliyonse. Si njira yabwino kwenikweni, koma ikuposa moto ndiponso ikuposa kumwaza.

Mau atsopano oti tilembe m'makope: pulasitiki, fakitale, kusungunula, timibulu, kuyandama, maikuloni.

Masamu: koperativa ina yadinda mabelo 7, lililonse makilogalamu 45. Onse pamodzi ndi makilogalamu angati? Atsala makilogalamu angati kuti ikwane tani imodzi?

Ntchito ya kunyumba: aliyense ayende m'munda mwake kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, atole mapepala onse amene aone, awawerenge, alembe nambala yake. Lachisanu abwere ndi nambalayo pamodzi ndi mapepala 10 a m'matumba a feteleza, okunthidwa ndi ouma. Abambo a komiti atibwereke sikelo ya koperativa, ndipo amene ali ndi thabwa lotsala ndi makala abweretse kuti tilembe zikwangwani zija.